Kulima tomato wa beefsteak wocha msanga m'dimba la pakhomo

Beefsteak si dzina la mbewu imodzi ayi. Ndi gulu la mitundu ya tomato yobereka zipatso zikuluzikulu, zophwatalala pang'ono, za mnofu wambiri ndi njere zochepa. Chipatso chimodzi chimalemera magalamu 250 mpaka 500, china kupitirira apo. Mukachidula pakati mopingasa simupeza zipinda ziwiri kapena zitatu zodzaza madzi ngati za tomato wamng'ono, koma tizipinda tambirimbiri totchingidwa ndi mnofu. Khungu lake ndi lopyapyala, choncho chimang'aluka msanga ndipo sichipirira kupanikizidwa m'dengu.

Chilema chake chachikulu ndi kuchedwa. Mitundu yakale monga Brandywine imafuna masiku 80 kapena kuposa, ndipo pomwe zipatso zikuyamba kufiira, matenda a masamba amakhala atalowa kale, kapena nyengo itatembenuka. N'chifukwa chake pali mitundu yocha msanga. Big Beef, wa haibulidi amene adapata mphotho ya All-America Selections mu 1994, amalembedwa masiku 73. Bush Beefsteak, wamfupi, amalembedwa masiku 62. Marmande wa ku France, wa zipatso zamizeremizere ndi zocheperako, amadziwika ndi kugwira zipatso ngakhale kukuzizira pang'ono.

Wocha msanga amatsogola wochedwa ndi masabata awiri kapena atatu basi, ndipo masabata amenewa sachedwa kutayika. Mbande yokalambira mu nazale imadya sabata imodzi, dothi lozizira limadya ina, maluwa oyamba akayoyoka yapitanso ina. Kenako munthu amadandaula kuti adamugulitsa mbewu yabodza. Ntchito yanu yonse ndi yakuti chomeracho chisaime kukula kuyambira tsiku lomera mpaka tsango loyamba litapsa.

Zimene paketi ikunena

Masiku olembedwa pa paketi amawerengedwa kuchokera tsiku lowokera mbande, osati tsiku lofesa. Paketi ikati masiku 70, onjezerani masabata 6 a mu nazale, mupeza masiku 112. Nambalayo imadaliranso kuti kunja kukufunda bwino. Kukamazizira, yembekezerani sabata imodzi kapena awiri owonjezera.

Onaninso kakulidwe kake. Wolembedwa kuti indeterminate saleka kukula: amatalika mamita awiri kapena kuposa, akumatulutsa tsango la maluwa pakadutsa masamba atatu alionse, ndipo amabereka mpaka matenda kapena chisanu chitamugwetsa. Big Beef ali m'gulu limeneli. Wolembedwa kuti determinate, monga Bush Beefsteak, amathera cha pa mita imodzi, nsonga yake imasanduka maluwa, ndipo zipatso zake zimapsa motsatizana m'masabata ochepa. Awiriwa sasamalidwa mofanana, makamaka pothyola mphukira.

Zilembo zotsatira dzina zimanena matenda amene mtunduwo umapirira. V ndi F ndi matenda ofotetsa a Verticillium ndi Fusarium, N ndi manematodi, tinyongolotsi ting'onoting'ono ta m'mizu, T ndi vayirasi ya mozeki ya fodya. Koma F1 ndi nkhani ina: ikutanthauza haibulidi, ndipo njere zake mukasunga, ana ake satengera kholo. Njere za Marmande mungathe kusunga.

Nthawi yofesa imawerengedwa chobwerera

Musayambe ndi funso lakuti ndifese liti. Yambani ndi lakuti maluwa oyamba adzatseguke nyengo ili bwanji. Tomato amagwira zipatso bwino masana akakhala pa madigiri 21 mpaka 29, usiku 15 mpaka 20. Usiku ukatsika pansi pa 13, kapena masana akapitirira 32 pomwe usiku sukutsika pansi pa 21, mungu umafooka ndipo maluwa amagwa. Mitundu ya zipatso zikuluzikulu imavutika ndi zimenezi kuposa tomato wamng'ono.

Maluwa oyamba amatseguka patatha masabata atatu kapena anayi chiwokerereni. Choncho pezani nthawi imene kutentha kwa kwanuko kumakhala pakatikati, bwererani m'mbuyo masabata 4 kuti mupeze tsiku lowokera, kenako masabata ena 6 kuti mupeze tsiku lofesa. Ubwino weniweni wa mtundu wocha msanga uli pomwepa: umakwana mu mpata waufupi wa pakati pa kuzizira ndi kutentha koopsa, kapena pakati pa kutentha ndi mvula yamphamvu. Kumene kumagwa chisanu, musawokere chisanadutse. Usiku umodzi wokha umapha chomera chonse.

Mu nazale

Mmera mpoyamba. Mbewu ya beefsteak ndi yochepa mu paketi, choncho musamwaze pa bedi. Fesani m'machubu kapena m'timiphika ta masentimita 8 mpaka 10 toboola pansi. Sakanizani magawo awiri a dothi losefa, gawo limodzi la kompositi wowolerana bwino, ndi gawo limodzi la mchenga. Dothilo lichokere pamalo pomwe sipanalimidwepo tomato posachedwa. Ikani njere pa kuya kwa theka la sentimita mpaka sentimita imodzi. Mukaika ziwiri m'chubu, zikamera dulani yofookayo ndi sizasi m'malo mozula, kuti musagwedeze mizu ya inzake.

Dothi likakhala pa madigiri 21 mpaka 27, njere zimamera m'masiku 5 mpaka 8. Pa madigiri 15 zimatha masabata awiri, ndipo pansi pa 10 zimangokhala phee mpaka kuola.

Zikangomera zimafuna kuwala tsiku lomwelo. Mbande yosiyidwa mumthunzi masiku atatu okha imasololoka, tsinde n'kuonda ngati ulusi, ndipo siibwereranso. Thirirani m'mawa, pamwamba pa dothi paziuma pang'ono musanathirirenso. Mukaona mbande zikugwa, tsinde litaphwa ndi kuda pamene likhudza dothi, ndi fangasi wa m'dothi wobwera ndi chinyezi chambiri ndi kusowa mpweya. Zogwazo sizidzukanso. Zichotseni, chepetsani madzi, talikitsani machubu.

Masiku 7 mpaka 10 omaliza ndi ozoloweretsa mbande dzuwa ndi mphepo. Tsiku loyamba maola awiri okha panja, mawa lake atatu kapena anayi, mpaka zizigona panja. Madzi achepe pang'ono, koma zisafote.

Mbande yoyenera kuwokera ndi ya masabata 5 mpaka 7, yotalika masentimita 15 mpaka 20, ya masamba enieni 5 kapena 6, tsinde lonenepa ngati pensulo. Anthu ambiri pogula amathamangira mbande yaitali yokhala kale ndi maluwa kapena kachipatso, poganiza kuti yatsogola. Ife timati imeneyo ndiye yatsalira. Mizu yake yazungulirazungulira m'chubu, ndipo ikawokeredwa mphamvu zonse zimapita ku kachipatso kamodziko m'malo mopanga mizu. Ngati yanu yafika pamenepo, thyolani maluwa otsegukawo ndi kumasula mizu pang'ono ndi zala. Mwataya tsango limodzi, koma chomera mwachipulumutsa.

Malo, dothi ndi kuwokera

Malowo azilandira dzuwa maola 8 pa tsiku. 6 ndiye ochepetsetsa. Pasakhale pamene panali tomato, mbatatesi, mabiringanya, tsabola kapena fodya m'zaka zitatu zapitazi, chifukwa zonsezi ndi banja limodzi ndipo zimasiyirana matenda m'dothi. Dothi loyenera ndi la pH (muyeso wa asidi m'dothi) 6.0 mpaka 6.8. Ngati ndi la asidi kwambiri, laimu athiridwe miyezi iwiri kapena itatu musanawokere, chifukwa sagwira ntchito tsiku limodzi.

Tipulani mozama masentimita 30, ndipo pa sikweya mita iliyonse sakanizani ndowa imodzi ya malita 10 ya kompositi kapena manyowa owolerana, masabata awiri kapena atatu musanawokere. Manyowa aawisi amawotcha mizu, ndipo akasungunuka amapereka nayitrojeni wambiri pa nthawi yolakwika. Pa dothi la makande kapena m'nyengo ya mvula, kwezani bedi masentimita 15 mpaka 20 kuti madzi asadikhe.

Mapando atalikirane masentimita 60, mizere masentimita 90 mpaka mita imodzi. Ngati mudzasiya tsinde limodzi lokha, masentimita 45 mpaka 50 akwanira. Mu phando lililonse ikani magalamu 30, ndiye kuti masupuni aakulu awiri, a feteleza wa NPK monga 10-10-10, ndi kumusakaniza bwino ndi dothi la pansi kuti asakhudze mizu. Wobzala mu mphika apeze wa malita 20 ngati ndi mtundu waufupi, 40 ngati ndi wautali.

Wokerani madzulo kapena tsiku la mitambo, dothi litafunda kufika madigiri 15 kapena kuposa. M'dothi lozizira mizu siyenda, masamba amachita mtundu wofiirira kunsi chifukwa chomera chikulephera kukoka fosiforasi, ndipo mbande imangokhala osakula. Kudikira sabata imodzi kuti dothi lifunde kumafulumizitsa kuposa kuthamangira.

Thyolani masamba a m'munsi ndi kukwirira tsinde mpaka patsale masamba anayi a pamwamba. Tsinde la tomato limatulutsa mizu paliponse pamene lakwiririka. Mbande ikakhala yaitali ndipo dothi la pansi likuzizira, kumbani kangalande ka masentimita 10, igonekeni chammbali, nsonga yokha iyang'ane kumwamba. M'masiku ochepa imaongoka yokha. Mbande yomezanitsa yokha ndiyo siikwiriridwa chonchi, pomezapo payenera kukhala pamwamba pa dothi. Thirani lita imodzi kapena awiri pa phando. Kuti mbozi zodula mbande usiku zisafikepo, zungulizani tsinde ndi kachidutswa ka katoni kapena botolo lodula mbali zonse, kolowa pansi masentimita 3 ndi kutsala kunja masentimita 6.

Kuphimbira ndi udzu wouma kapena masamba, kochindikala masentimita 5 mpaka 8, ndi kofunika kwambiri, koma nthawi yake imadalira nyengo. Kotentha phimbirani tsiku lomwelo. Kozizira dikirani masabata awiri kapena atatu dothi lifunde kaye, chifukwa udzu umatsekera kuzizira pansi. Pafupi ndi tsinde siyani mpata wa zala zitatu.

Kuchirikiza ndi kuthyola mphukira

Zikani mtengo wochirikiza tsiku lowokera lomwelo; mukachedwa mudzabaya mizu. Wa mtundu wautali ukhale wa mamita 2 mpaka 2.4, ulowe pansi masentimita 40, pa mtunda wa masentimita 10 kuchokera pa tsinde. Kamtengo koonda kokwanira tomato wamng'ono kamathyoka, chifukwa chomera chimodzi cha beefsteak chimatha kusenza makilogalamu angapo nthawi imodzi. Mangirirani ndi nsalu kapena chingwe chofewa masentimita 20 mpaka 25 alionse, pansi pa tsamba osati pa tsango, ndipo chingwe chipingasane ngati nambala 8: cholimba ku mtengo, chomasuka ku tsinde, chifukwa tsindelo likunenepabe.

Mphukira zimatuluka m'khwapa, pakati pa tsamba ndi tsinde. Iliyonse mukaisiya imasanduka tsinde lina ndi maluwa ake. Pa mtundu wautali, tsinde limodzi limapereka zipatso zochepa koma zazikulu ndi zofulumira. Matsinde awiri amachulukitsa zipatso ndi masamba ozitchinga ku dzuwa, koma amachedwetsa pang'ono. Mukafuna awiri, siyani mphukira ya pansi penipeni pa tsango loyamba, ndiyo imakhala yamphamvu kuposa zonse. Zina zonse muzithyola ndi zala sabata iliyonse zikadali masentimita 3 mpaka 5, m'mawa wa tsiku louma kuti bala liume lisanade. Wosuta fodya asambe m'manja ndi sopo asanakhudze, chifukwa vayirasi ya mozeki imayenda pa zala.

Mtundu waufupi musauchite zimenezi. Zipatso zake zambiri zimachokera ku mphukira zomwezo. Thyolani za pansi pa tsango loyamba zokha, zotsalazo zisiyeni.

Chomera chikafika mita imodzi, yambani kuchotsa masamba a m'munsi mpaka masentimita 30 oyambirira a tsinde akhale poyera. Matenda ambiri amayambira pa masamba amenewa, dothi likawathovukira ndi madzi. Awiri kapena atatu pa sabata akwanira. Masamba ophimba zipatso musawakhudze: chipatso chovulidwa padzuwa lamphamvu chimapsa mbali imodzi, n'kuyera ngati pepala, kenako n'kuola.

Tsango loyamba

Apa ndi pamene kucha msanga kumapezeka kapena kutayika. Tsango loyamba limatuluka chomera chikakhala ndi masamba 7 mpaka 11, ndipo lotsatira limabwera patapita sabata imodzi kapena masiku 10. Likalephera loyamba, mwasuntha tsiku lokolola ndi masiku omwewo. Choipa china n'chakuti chomera chopanda katundu wa zipatso chimathamangira kupanga masamba, ndipo chikatero tsango lachiwiri nalonso limavuta kugwira.

Duwa la tomato limadzipatsa lokha mungu, koma munguwo umafunika kugwedezeka kuti utuluke. Panja mphepo ndi njuchi zina zimagwira ntchitoyi. Pamalo otchingika, kapena masiku a bata, gogodani mtengo wochirikiza kapena gwedezani tsango ndi chala pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, mame atauma. Masekondi ochepa okha tsiku lililonse. Mame akadalipo mungu umamatana, sutuluka.

Mukaona kakhosi ka duwa kakuchita chikasu ndi kuduka, funsani zinthu zinayi: usiku ukuzizira? masana kukutentha koopsa? dothi linauma? mwathira nayitrojeni wambiri? Kuzizira kumachepa mukaphimba zomera ndi nsalu yopepuka madzulo ndi kuchotsa m'mawa. Kutentha kumachepa ndi neti ya mthunzi yotchinga pafupifupi 30 peresenti ya dzuwa, yokwezedwa pamwamba kuti mpweya uzidutsa. Ziwiri zinazo zili m'manja mwanu.

Pa tsango loyamba la beefsteak pamatuluka kawirikawiri duwa limodzi lalikulu modabwitsa, lophwatalala, looneka ngati maluwa atatu kapena anayi omatana. Ndi momwemodi. Limasangalatsa m'maso, ndipo olima tomato wa mpikisano wa kulemera amalisunga dala. Koma chipatso chake chimakhala chokhotakhota, cha zipsera ndi maenje kunsi, chimapsa mbali imodzi ina ikadali yaiwisi, ndipo chimalanda chakudya cha zinzake. Wofuna kudya msanga alithyole likangooneka.

Zipsera zotere kunsi kwa chipatso, zimene pa Chingerezi amati catface, zimabweranso ngakhale pa maluwa wamba. Gwero lake lalikulu ndi kuzizira pa nthawi imene duwa likadali kamphukira kosaoneka bwino, masabata awiri kapena atatu lisanatseguke. Ndiye kuti chilema chimene mukuchiona lero chidachitika kalekale, mwina sabata yowokera. Kuthyola masamba ambiri nthawi imodzi, nayitrojeni wochuluka, ndi mankhwala opha udzu monga 2,4-D ouluzika ndi mphepo zimachititsanso zomwezo. Si matenda opatsirana, palibe chopopera, ndipo mukadula pa chipserapo chotsalacho chimadyedwa.

Zipatso zikafika kukula ngati nsonga ya chala chachikulu, patulirani. Siyani zitatu pa tsango loyamba, zitatu kapena zinayi pa matsango otsatira, zooneka bwino ndi zofanana kukula. Dzanja limalemera pochotsa chipatso chabwinobwino, koma tsango la zipatso zisanu ndi ziwiri limapereka tomato wapakatikati wochedwa, ndipo nthawi zina limapindika pakhosi, madzi osadutsanso. Tsango lolemera limangireni ku mtengo ndi kansalu. Kuchokera pamene chipatso chagwira mpaka kupsa pamadutsa masabata 7 kapena 8, ndipo palibe feteleza amene angafupikitse nthawi imeneyi. Chimene chimailamula ndi kutentha.

Madzi ndi chakudya

Tomato amafuna malita 25 mpaka 40 pa sikweya mita pa sabata, kuwerengera ndi mvula yomwe. Thirirani kawiri kapena katatu pa sabata, mokwanira kuti madzi alowe masentimita 20 mpaka 30, osati kuwaza pang'ono tsiku lililonse. Pa dothi la mchenga ndi mu mphika pamafunika pafupipafupi, ndipo chomera chachikulu chosenza zipatso m'nyengo yotentha chimamwa malita 2 kapena 3 pa tsiku. Pisani chala masentimita 5 m'dothi, pakauma, thirirani. Madzi apite pa dothi, m'mawa, osanyowetsa masamba.

Chofunika kuposa kuchuluka kwa madzi ndi kusasinthasintha. Mavuto awiri otchuka a beefsteak onse amachokera pa kuumitsa dothi kenako n'kulikhutitsa.

Loyamba ndi kuola kunsi kwa chipatso, kumene kunali duwa. Pamayamba ngati ponyowa, kenako pamada, pamalowa m'kati, n'kuuma ngati chikopa. Kumagwira kwambiri zipatso zoyamba zikafika theka la msinkhu wake, ndiye kuti zomwe mumaziyembekezera zija. Si kachilombo. Ndi kusowa kwa kashiamu m'chipatso, ngakhale m'dothi ali wokwanira. Kashiamu amayenda ndi madzi okha, ndipo madzi ambiri amathamangira ku masamba, kumene amatuluka ngati nthunzi. Kunsi kwa chipatso ndi kumapeto kwa mzere. Dothi likauma masiku awiri chipatso chikukula mofulumira, kumapetoko sikulandira kanthu ndipo minofu yake imafa. N'chifukwa chake makoko a mazira sathandiza chaka chomwecho, amatenga nthawi yaitali kusungunuka, ndipo kupopera kashiamu pa masamba kumathandiza pang'ono zedi chifukwa sachoka m'tsamba kupita ku chipatso. Chothandiza ndi madzi a nthawi zonse, kuphimbira, kusapalira mozama pafupi ndi tsinde, ndi kupewa kuchulutsa yureya kapena feteleza wa amoniyamu. Chipatso chogwidwa chithyoleni, sichichira.

Lachiwiri ndi kung'aluka. Chipatso chikayandikira kupsa khungu limaleka kutanuka, ndiye madzi ambiri akabwera mwadzidzidzi mnofu umafufuma n'kuling'amba, mwina mizere yochokera pa kakhosi kutsika, mwina yozungulira mapewa. Mvula simungailetse, koma mungathe kuthyola zonse zimene zayamba kusintha mtundu isanagwe.

Pa chakudya, musawonjezere nayitrojeni mpaka zipatso za tsango loyamba zitakula ngati dzira la nkhuku. Pamenepo thirani magalamu 10 mpaka 15 a CAN pa chomera, pamodzi ndi magalamu 10 a feteleza wa potaziyamu monga sulphate of potash, mozungulira pa mtunda wa masentimita 15 kuchokera pa tsinde, kwirirani ndi kuthirira. Bwerezani masabata atatu alionse. Chomera chimanena chokha ngati chakhuta: yang'anani tsinde masentimita 20 pansi pa nsonga. Likakhala lonenepa pafupifupi sentimita imodzi zili bwino. Likanenepa kuposa chala, masamba a pamwamba ali obiriwira moderapo ndi opiringizika, mwapyola muyeso, dumphani ulendo wotsatira. Likaonda, masamba n'kutuwa, chili ndi njala. Potaziyamu akachepa, makamaka kukutentha, mapewa a chipatso amatsala achikasu ndi olimba.

Matenda ndi tizilombo

Chiwawu chili pawiri. China chimayamba pa masamba a m'munsi ndi madontho abulauni okhala ndi mizere yozungulira m'kati, tsamba n'kuchita chikasu, chimakwera pang'onopang'ono. Chinacho chimabwera kukazizira ndi chinyezi, ndi mabanga aakulu onyowa, kankhungu koyera kunsi kwa tsamba, ndi mabala akuda pa tsinde. Chimatha kumaliza dimba m'sabata imodzi. Mankhwala a kopa kapena mancozeb amateteza tsamba labwino, sachiza lodwala, choncho amapoperedwa nyengo yonyowa ikamayamba, masiku 7 mpaka 10 alionse, motsata muyeso ndi masiku odikira musanakolole olembedwa pa botolo. Masamba odwala achotseni m'dimba, asalowe mu kompositi.

Chomera chikafota chonse chikadali chobiriwira pomwe dothi lili lonyowa, dulani kachidutswa ka tsinde pafupi ndi pansi ndi kukalendewetsa m'tambula ya galasi ya madzi oyera. Mukaona utsi woyera ngati mkaka ukutsika m'mphindi zochepa, ndi bakiteriya wofotetsa. Alibe mankhwala: zulani ndi mizu yomwe, ndipo madzi ochokera pamalopo asayenderere ku zinzake. Chomera chopinimbira chofota masana, mizu yake ili ndi timfundo, chagwidwa ndi manematodi. Dziwani kuti kupirira kwa chilembo N kuja kumafooka dothi likatentha kupitirira madigiri 28, chifukwa china chophimbirira.

Tuta absoluta, kagulugufe kochokera ku South America kamene kadafika ku Spain mu 2006 n'kufalikira maiko ambiri, kamaikira mazira pa masamba, ndipo mbozi zake zimadya m'kati mwa tsamba n'kusiya mabanga oyera oonekera, kenako zimaboola zipatso pansi pa kachipewa kobiriwira. Yenderani dimba kawiri pa sabata, finyani mbozi m'tsamba momwemo kapena thyolani tsambalo. Mankhwala a Bt, opangidwa ku bakiteriya wopha mbozi, amagwira mbozi zikadali zazing'ono, za Tuta ndi zazikulu zoboola zipatso zomwe, ndipo amapoperedwa madzulo. Ntchentche zoyera zimafalitsa vayirasi yopiringiza masamba ndi kuwachititsa chikasu, ndipo chomera chogwidwa chikadali chaching'ono sichibereka zolozeka. Kuphimba nazale ndi neti ya timabowo ting'onoting'ono ndiye chitetezo chenicheni. Akangaude ofiira amabwera kukatentha ndi kuuma, amakhala kunsi kwa masamba, ndipo mankhwala ambiri opha tizilombo wamba amangowachulukitsa pophera adani awo.

Kukolola

Beefsteak amayamba kupsa kunsi, ndipo mitundu ina mapewa amatsala obiriwira ngakhale chipatso chapsa. Mukadikira kuti chifiire chonse, kunsi kumakhala kutafewa kale. Tembenuzani chipatso muone pansi. Pakangooneka kufiira kapena pinki, chipatsocho chatha kukula ndipo chimatha kumaliza kupsa m'nyumba. Kuthyola pa nthawi imeneyi kumachipulumutsa ku mbalame, mbozi ndi kung'aluka, ndipo kumapepuza chomera kuti matsango a pamwamba akule. Kukoma kumasiyana pang'ono kwambiri ndi kopsera pa tsinde. Dulani ndi sizasi, musakoke, chifukwa khungu limang'ambikira pa kakhosi.

M'nyengo yotentha kuthyola msanga kumaposa kusiya. Utoto wofiira wa tomato, lycopene, umaleka kupangika kutentha kukapitirira madigiri 30, ndiye zipatso zimangokhala pa tsinde zili zachikasu, osafiira. M'nyumba, pa madigiri 18 mpaka 24, zimafiira bwino m'masiku ochepa. Kuwala sikufunika, ndipo pa zenera la dzuwa zimangotentha ndi kufewa. Ziyaleni mzere umodzi osasanjikiza, kakhosi kayang'ane pansi. Mukafuna kufulumizitsa, ziikeni m'katoni pamodzi ndi nthochi yakupsa, imene imatulutsa mpweya wa ethylene wopsetsa zipatso. Mu firiji musaike chipatso chosapsa: pansi pa madigiri 12 kupsa kumasokonekera, fungo limachepa, mnofu n'kukhala ngati ufa.

Nyengo ikatsala masabata 7 kuti ithe, thenani nsonga ya mtundu wautali, kusiya masamba awiri pamwamba pa tsango lomaliza limene lagwira zipatso. Maluwa otseguka pambuyo pake sangapeze nthawi yopsa. Chisanu kapena chiwawu chikakukakamizani kuthyola zobiriwira, dulani chimodzi ndi mpeni wakuthwa. Ngati tizipinda tadzaza zoterera ndipo njere zikuthawa mpeni, chakhwima, ndipo zinzake za msinkhu womwewo zidzafiira m'katoni. Ngati mpeni ukudula njere, zimenezo zidzangofota osapsa.